Laisensi ya mfuti imakulolani chiyani, ndipo imalekezera pati?

Nyengo yogula mbewu ikafika kuno ku Chipata, nkhani ya mfuti imabuka kawirikawiri pakati pa anthu amene amayenda ndi ndalama zambiri m'midzi ya ku Chadiza, Vubwi, Chipangali ndi Lundazi kukagula soya, nshawa ndi mpendadzuwa. Mantha awo si ongopeka. Munthu amene wamangirira sikelo pamtengo wa mango, chikwama cha ndalama chili pamiyendo, mudzi wonse ukuona mmene akuwerengera, amadziwa kuti madzulo adzabwerera pamsewu wafumbi umene uli ndi njira imodzi yokha yotulukira. Choncho sindidabwa anzanga ena akamafunsa mmene angapezere chilolezo choyenda ndi pistol yobisa m'chiuno. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti ambiri a iwo amafunsa ali kale ndi chithunzi cholakwika m'mutu, chimene anachitenga m'mavidiyo a pa Facebook ndi YouTube, momwe anthu a ku America amaonetsa kachiphaso kawo ndi kufotokoza za ufulu wonyamula mfuti ngati kuti ufuluwo ndi wa dziko lonse lapansi.

Chiphaso chimene a ku America amachitchula kuti concealed carry permit chili ndi mizu m'malamulo akwawo. Malamulo aakulu a dziko lawo ali ndi ndime ya mu 1791, yodziwika ndi dzina lakuti Second Amendment, imene imanena za ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida. Mu 2008, pa mlandu wa Heller, khoti lawo lalikulu linagamula kuti ufuluwo ndi wa munthu payekha ndipo umakhudza kusunga mfuti m'nyumba podziteteza, kenako mu June 2022, pa mlandu wa Bruen, linaonjezera kuti boma la New York silingaumirize munthu kusonyeza chifukwa chapadera asanaloledwe kuyenda ndi mfuti kunja kwa nyumba yake. Ngakhale zili tero, dera lililonse lili ndi malamulo akeake. Florida inayamba mu 1987 kupereka chiphaso kwa aliyense wokwaniritsa zofunika, Illinois inali yomaliza kuvomereza mu 2013, Texas inachotsa kufunika kwa chiphaso mu 2021, ndipo lero madera oposa theka amalola munthu wamkulu wopanda mlandu kunyamula mfuti popanda chiphaso chapadera. Komabe opanga mavidiyo aja sakonda kutchula kuti ngakhale kwawoko chiphaso cha dera limodzi sichigwira ntchito paliponse, ndiponso kuti m'makhoti, m'nyumba za boma lalikulu ndi m'kati mwa ndege mfuti siilowa, kaya munthu ali ndi pepala lotani.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limafuna kuti munthu ayambe wapeza satifiketi yosonyeza kuti amadziwa kugwiritsa ntchito mfuti, laisensi yodzitetezera imatha pakapita zaka zisanu, ndipo poyenda pagulu mfuti yaing'ono iyenera kukhala m'chikwama chake, yophimbidwa yonse. Kumeneko kubisa mfuti si mwayi wochita kupempha, ndi lamulo.

Kwathu kuno ku Zambia maziko ake ndi ena. Malamulo aakulu a dziko lathu sapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi mfuti. Lamulo loyang'anira nkhaniyi ndi Firearms Act, Chaputala 110 cha malamulo a Zambia, ndipo mfundo yake yoyamba ndi yakuti palibe amene angagule, kulandira kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo popanda laisensi. Boma limapereka laisensiyo kwa amene lakhutira naye, ndipo lingathe kuilanda. Wofuna mfuti amayambira kupolisi, kumene amalemba mafomu, amadindidwa zala kuti aone ngati anapalamulapo mlandu, ndipo amafunsidwa chifukwa chimene akufunira mfutiyo, kaya ndi ulenje, kuteteza munda ndi ziweto, masewero owombera kapena kudziteteza. Ayenera kusonyezanso kuti amadziwa kuigwira bwino. Mapepala amapita ku likulu la apolisi ku Lusaka, kumene kuli kaundula wa mfuti zonse za m'dziko muno, ndipo chivomerezo chikabwera ndi pamene munthu angagule mfuti kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kukalipira laisensi kukhonsolo. Ntchitoyi imatenga nthawi, ndipo ine ndimaona kuti ndi bwino kuti izitenga nthawi, chifukwa munthu amene akufuna mfuti lero lomwe kawirikawiri amakhala kuti wakwiya kapena wagwidwa ndi mantha aakulu, ndipo mtima woterowo suyenera kupatsidwa chida mofulumira.

Pano pali mfundo imene anthu ambiri amaiphonya. Laisensi imalembedwa m'dzina la munthu mmodzi ndipo imatchula mfuti yeniyeniyo, mtundu wake ndi nambala imene inadindidwa pachitsulo chake. Si laisensi ya banja, si ya shopu, ndipo si ya galimoto. Tsiku lina alamu anga, amene amagula soya chaka chilichonse, anandiuza kuti mnzawo wina ali ndi mfuti ya mapepala onse ndipo wavomera kuwabwereka pa masabata ochepa a msika. Ananena mosangalala kuti, "Alamu, mfutiyo ndi ya laisensi, ndipo bukhu lake ndiziyenda nalo m'galimoto." Ndinawayankha kuti bukhulo lili ndi dzina la mnzawoyo, osati lawo, ndipo apolisi akawaimitsa pamsewu wa Great East adzakhala munthu wopezeka ndi mfuti popanda laisensi, pamene mwini wake adzayankha mlandu wopereka mfuti kwa munthu wosaloledwa. Anakhala chete kanthawi akusisita chipewa chawo pabondo, kenako anafunsa ngati zingasinthe mnzawoyo atalemba kalata yosaina. Sizisintha, chifukwa mphamvu yololeza munthu kusunga mfuti ili m'manja mwa boma, osati mwa mwini mfuti. Chimodzimodzinso mlimi amene amasiyira mnyamata wake wa ntchito shotgun kuti azilondera nayo khola usiku, iye ali mtulo m'tauni, akuika mnyamatayo pa mlandu umene sanaudziwe.

Nkhaniyi imavuta kwambiri pa maliro. M'midzi yathu yambiri muli mfuti zakale za gogodela, zothira onga kukamwa, zimene agogo ankasakira nazo nguluwe ndi insa, ndipo zina zakhala m'banja kwa mibadwo itatu. Ndinaonapo pamwambo wogawa katundu wa malemu mfuti yotere ikutsitsidwa kudenga, itakulungidwa m'saka la feteleza, mtengo wake utadyedwa ndi chiswe mbali imodzi ndipo utamangidwa ndi mphira wa njinga. Atsibweni a banjalo anaipereka kwa mphwawo wamkulu ndi mawu aulemu, pamodzi ndi nkhwangwa ndi jekete, ndipo palibe amene anafunsa za pepala. Mwambo wake ndi wokoma ndipo sindiunyoza, koma pamaso pa lamulo laisensi siilowa m'malo mwa munthu ngati dzina. Mwini mfuti akamwalira, choyenera ndi kukaipereka kupolisi kuti isungidwe kufikira wolandira atapeza laisensi yakeyake. Mabanja ambiri satero chifukwa choopa kuti mfutiyo siidzabwerera, ndiye imangokhala kudenga zaka ndi zaka, mpaka tsiku limene ana adzaipeza kapena mkangano wa malire a munda udzaitulutsa.

Tinene kuti munthu watsata njira yonse ndipo laisensi ili m'manja. Kodi tsopano angayende nayo paliponse? Ayi. Lamulo la milandu, Penal Code, limaletsa kuyenda ndi chida pagulu popanda chifukwa chomveka m'njira yoopseza anthu, ndipo chidacho chingathe kulandidwa. Munthu amene amakweza malaya pamsika wa Kapata kuti womutsutsa aone chimene chili m'chiuno, kapena amene amaika pistol patebulo m'bala kuti anthu amupatse ulemu, wachoka kale pa zimene laisensi inamulola, ngakhale asanakhudze chowombera. Kuopseza munthu ndi mfuti ndi mlandu pawokha. Malamulo a chisankho a mu 2016 amaletsa kunyamula kapena kuonetsa zida pamisonkhano ya ndale ndi pa zionetsero, kuphatikizapo zida za makolo, ndipo ife a kuno kummawa tikudziwa mmene mitima imatenthera nthawi ya kampeni. Za mowa sindifuna kuchulutsa mawu. Amene akupita kukamwa asiye mfuti yotsekeredwa kunyumba, ndipo ngati akuona kuti sangamwe popanda mfuti pambali pake, ndiye kuti malowo si oyenera kupitako.

Chigawo chathu chili ndi malire awiri amene anthu amawaiwala. Oyamba ndi malire a dziko. Kuchoka ku Chipata kufika pa Mwami ndi ulendo waufupi, ndipo ambiri a ife timaoloka kupita ku Mchinji kapena ku Lilongwe ngati tikupita kumudzi woyandikana nawo, chifukwa chinenero ndi chimodzi ndipo abale ali mbali zonse. Koma laisensi ya Zambia imathera pachipata. Kuoloka ndi mfuti popanda chilolezo cha mayiko onse awiri ndi kuzembetsa zida, kaya ndi pa Mwami kapena pa Chanida polowa ku Mozambique, ndipo kunena kuti munaiwala kuti ili pansi pa mpando sikungakupulumutseni. Malire achiwiri ndi a malo osungira nyama zakutchire. Lamulo la Zambia Wildlife Act la mu 2015 sililola kulowa ndi mfuti m'paki monga South Luangwa, Lukusuzi kapena Luambe popanda chilolezo, ndipo kusaka m'madera ozungulira monga Lupande kumafuna laisensi ina ya ulenje yochokera ku dipatimenti yoona za nyama. Ndimamva chisoni ndi alimi a ku Mambwe ndi a m'malire a paki ya Kasungu, amene njovu zimawathera chimanga usiku umodzi, makamaka chiyambire 2022 pamene njovu 263 zinasamutsidwira ku Kasungu kuchokera ku Liwonde. Komabe laisensi ya mfuti si chilolezo chopha njovu, ndipo mlimi amene waipha chifukwa cha mkwiyo angapezeke ali m'ndende pamene munda wake uli kale chiputu.

Gawo lolemera kwambiri ndi la kuwombera kwenikweniko, ndipo apa ndi pamene ndikufuna owerenga achedwepo. Ndime 17 ya Penal Code imati munthu alibe mlandu akagwiritsa ntchito mphamvu pobweza chiwembu chimene chikuchitikira iye, katundu wake kapena munthu wina, malinga ngati njira imene wagwiritsa ntchito ndi kukula kwa mphamvuyo sizikupitirira zimene zinali zofunika pa nthawiyo. Mawu akuti zofunika ndiwo mtima wa nkhani yonse. Khoti silifunsa ngati munali ndi laisensi yokha, limafunsa ngati panalibe njira ina, ngati chiwembucho chinali chikuchitika nthawi yomweyo, ndiponso ngati mphamvu yanu inalingana ndi ngozi imene inalipo. Achifwamba atathyola chitseko usiku ali ndi zikwanje ndi mfuti, ana anu ali m'chipinda, nkhaniyo ndi ina. Koma mnyamata amene wakhwatula foni ndipo akuthawa, msana wake uli kwa inu, sakuopsezanso moyo wanu, ndipo chipolopolo chimene chingamupeze kumsanako chidzakhala umboni wokutsutsani. Wakuba mbuzi amene mwamugwira kale ndi kumumanga saopsezanso munthu. Wokangana naye pa malo oimika galimoto, ngakhale atakutukwanani mtundu wonse, sanakupatseni chifukwa chotulutsira mfuti.

Ndipo ngakhale munthu atawombera pa chifukwa chomveka, asayembekeze kuti adzangoonetsa laisensi ndi kupita kukagona. Pafa munthu apolisi ayenera kufufuza, mfuti imatengedwa ngati umboni, ndipo wowomberayo angathe kutsekeredwa. Akaimbidwa mlandu wakupha mwadala, mlanduwo ulibe belo, zimene zikutanthauza kuti angakhale pa rimandi ku ndende ya Namuseche miyezi yambiri kudikira kuti High Court imve nkhani yake, bizinesi itaima, ndalama zikupita kwa maloya, ana akusowa wowalipirira zofunika. Zambia inathetsa chilango cha imfa mu December 2022, koma wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse. Pamwamba pa zimenezi pali katundu amene lamulo silimutchula. Kwathu kuno anthu timadziwana, ndipo womwalirayo amakhala mwana wa munthu amene mumakumana naye kutchalitchi, kuchigayo kapena pamaliro. Amene akuganiza zogula mfuti ayenera kudzifunsa, mtima uli m'malo, ngati angathe kusenza zimenezo.

Ena amadandaula kuti malamulo athu amapanikiza munthu wabwino pamene akawalala amayenda ndi mfuti momasuka. Dandaulolo ndimalimva, koma chigawo chathu chili ndi mbiri imene iyenera kutiphunzitsa. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi mgwirizano wa ku Rome mu October 1992, inafika mpaka m'midzi ya m'malire ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, ndipo othawa nkhondo ambiri anakhazikitsidwa ku Ukwimi. Nkhondo itatha, mfuti za AK-47 zinatsala zambiri m'manja mwa anthu wamba, zinaoloka malire, ndipo zinathandiza umbava ndi kupha nyama mosaloledwa kwa zaka zambiri. Ndi chifukwa cha mavuto ngati amenewa kuti mayiko a SADC anasaina pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo ku Blantyre mu 2001, ndipo bungwe la African Union linapatula mwezi wa September kuti anthu azibweza mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu. Mfuti zowombera mosalekeza ngati AK-47 munthu wamba sapatsidwa laisensi yake. Amene akukunong'onezani kuti ali ndi mfuti yotsika mtengo yochokera kutsidya akukugulitsani mlandu, chifukwa simudziwa kuti mfutiyo inagwirapo ntchito yotani, ndipo ikadzapimidwa milandu yake yonse idzayamba kufunsidwa kwa amene yapezeka naye. Kumbukiraninso kuti mfuti zina zimene zili m'manja mwa akuba zinayamba zili za anthu a laisensi amene anazisunga mosasamala.

Maganizo anga ndi akuti wogula mbewu wamba mfuti siimuthandiza mmene amaganizira. Achifwamba a pamsewu amabwera modzidzimutsa, ali angapo, ndipo amasankha okha malo ndi nthawi. Munthu amene manja ake ali pa chiwongolero sakhala ndi mpata wotulutsa chimene chili m'chiuno, ndipo akadziwika kuti amayenda ndi pistol amasanduka wofunidwa pawiri, chifukwa cha ndalama ndi chifukwa cha mfutiyo. Chimene chachepetsa ngozi kwa anzanga amene ndimawadziwa ndi kusayenda ndi ndalama zambiri nthawi imodzi, kulipira alimi kudzera pa Airtel Money kapena MTN pamene netiweki ilipo, kusintha masiku ndi njira, kubwerera dzuwa lisanalowe, ndiponso kugwirizana ndi anyakwawa ndi magulu achitetezo a m'mudzi asanamangirire sikelo. Zimenezi sizipatsa munthu ulemerero wa m'mavidiyo, koma zimamufikitsa kunyumba. Ndimaganiziranso za m'nyumba momwemo. Mfuti imakhala m'nyumba masiku onse, pamene wakuba angabwere kamodzi kapena osabwera n'komwe, ndipo m'masiku onsewo muli ana okonda kufufuza m'madirowa, muli mikangano ya m'banja, muli nthawi za ngongole ndi kusweka mtima pamene munthu amaganiza zinthu zimene mawa lake sakanaziganiza.

Sindikunena kuti palibe amene ayenera kukhala ndi mfuti. Mlimi amene ali kutali ndi polisi, amene ng'ombe zake zabedwapo, kapena mlenje wa laisensi, ali ndi chifukwa chake, ndipo lamulo linamusiyira khomo. Munthu woteroyo alowe pakhomo lomwelo, ayankhe mafunso a apolisi moona, ndipo asapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza kufulumizitsa mapepala, chifukwa laisensi yopezeka mwachinyengo ingathe kufafanizidwa ndi kubala mlandu wina. Asanabwere nayo mfuti kunyumba akonzeretu bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma, zipolopolo azisunge padera, ndipo kiyi asamuike pamene ana ndi alendo angamupeze. Aphunzire kuwombera kwa munthu wodziwa, pamalo ovomerezeka, osati kuseri kwa phiri kumene kungadutse wotola nkhuni. Poyenda ndi mfuti aziyenda ndi laisensi yake, popeza wapolisi ali ndi mphamvu yoifunsa. Mfuti ikatayika kapena kubedwa akanene kupolisi mwamsanga, ndipo aziyang'ana tsiku limene laisensi idzathe kuti akaikonzenso nthawi ikadalipo, chifukwa laisensi ikatha mfuti yomweyo imene inali yovomerezeka dzulo imakhala yosaloledwa m'nyumba mwake.